Namapopa wa m'sewero lanu mumchotse, musiye anthu okhaokha

Funso: Ndine mnyamata wa ku Kawale, ndili m'gulu la zisudzo. Tikujambula sewero la magawo 6 lomwe tikufuna kukapereka ku wailesi ya kanema. Nkhani yake ndi ya mphekesera za anamapopa zomwe zikulowa m'dera lina mpaka anthu kupha munthu wosalakwa. Tajambula magawo awiri, koma titaonetsa anzathu anangofa ndi phwete, makamaka namapopa wathu atatulukira. Kodi mantha amayamba bwanji, nanga amafalikira bwanji pakati pa anthu, kuti woonera akhulupirire? Komanso amayi anga akuti sewero lotere lingadzutse zomwe zinagona. Kodi akunena zoona?

Yankho: Achimwene, anzanuwo anakuchitirani chifundo poseka. Akanangokhala chete n'kumati lili bwino, mukanawononga ndalama pa magawo anayi otsalawo. Sindinaone zomwe mwajambula, koma ndikhoza kulota: munthu wovala zakuda, nkhope yopaka makala kapena ufa, m'manja muli paipi ndi botolo, nyimbo ikugunda kumbuyo. Ameneyo mumchotse. M'nkhani zonse za anamapopa zomwe dziko lino lazidutsa, palibe namapopa amene anagwidwa ali ndi magazi m'chigubu, koma anthu anafa ndithu. Choncho choopsa cha nkhani yanu ndi maneba aja, ndipo kamera iyang'ane kwa iwo.

Munthu amaphunzira choti aope poyang'ana nkhope ya mnzake. Mu 1985 akatswiri ena ku America, wina mwa iwo James Sorce, anaika ana a miyezi 12 patebulo lagalasi lomwe pakati pake pankaoneka ngati pali kaphompho. Mayi ankaima tsidya linalo. Mwana akafika m'mphepete ankadzutsa mutu kuyang'ana mayi ake. Pamene mayi anaonetsa nkhope yosangalala, ana 14 mwa 19 anawoloka. Pamene mayi anaonetsa nkhope yamantha, pa ana 17 panalibe ndi mmodzi yemwe amene anawoloka. Kaphompho kanali komweko, chomwe chinasintha ndi nkhope ya mayi basi. Ife akuluakulu sitinasiye khalidwe limeneli. Galu akauwa usiku, mwamuna amayang'ana mkazi wake, mkazi amayang'ana chitseko, mwana amayang'ana onse awiri. Woonera kanema nayenso ali m'chipinda chomwecho. Mukamuonetsa chilombo, iye amayamba kuchiyesa: kodi ufawo ndi wa mgaiwa? Mukamuonetsa nkhope ya mayi amene wasiya kupakula nsima chipande chili m'mwamba, woonera amadzipangira yekha chilombo chake, ndipo chimenecho simungachigule ngakhale mutazungulira msika wonse wa Tsoka.

Koma nkhope yamantha imafuna chifukwa. Apa ndi pomwe olemba ambiri achinyamata amathamanga: gawo loyamba anthu ali pamtendere, gawo lachiwiri onse anyamula zikwanje. Mphekesera simera pathanthwe. Gordon Allport ndi Leo Postman analemba mu 1947 kuti mphekesera imakula pakakumana zinthu ziwiri, nkhani yokhudza moyo wa anthu ndi kusowa kwa yankho lomveka, ndipo chimodzi chikasowa mphekesera imafa. Taonani mbiri yathu yomwe. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi madera ena a Blantyre, wakupha osadziwika. Imfazo zinali zenizeni. Pa nthawi yomweyo boma linali litatenga ngongole ku South Africa yomangira likulu lomwe inu ndi ine tikukhalamoli, ndipo manong'onong'o anali akuti magazi a ophedwawo akupita kumeneko kukabweza ngongole. Kumapeto kwa 2002, chaka cha njala yoopsa, nkhani inabuka m'maboma a kumwera yoti boma likusinthanitsa magazi a anthu ndi chimanga cha thandizo. Mu Seputembala ndi Okutobala 2017 inayambira ku Mulanje ndi Phalombe n'kufika ku Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa, ndipo bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma awiri aja. Mu 2020 inabweranso kumpoto ndi m'maboma ena a pakati monga Kasungu, m'masabata omwewo amene Covid-19 inkalowa m'dziko muno. Nthawi zonsezi panali bala lenileni, ndipo amene anayenera kufotokoza ankakhala chete kapena ankalankhula anthu osawakhulupirira.

Ndiye dera la m'sewero lanu lipatseni bala kaye. Mwana wamwalira kuchipatala ndipo makolo angouzidwa kuti anali ndi magazi ochepa, osawafotokozera kuti malungo amatha magazi. Galimoto yoyera yamagalasi akuda yabwera kawiri, anthu ake akulemba mayina khomo ndi khomo, a mfumu sanauzidwe. Ufa wakwera mtengo. Zitatuzi sizikugwirizana m'pang'ono pomwe, ndipo woonera adziwe kuti sizikugwirizana. Ntchito ya magawo anu oyamba ndi kuonetsa anthu akuzisoka pamodzi ndi ulusi wawo.

Pa kafalikidwe, Chichewa chinatipatsa chida chomwe olemba a zinenero zina angachisirire, ndicho kamawu koti "akuti". Tsatirani ulendo wa kamawu kameneka ndipo mwapeza msana wa sewero lanu. M'mawa pa kiyosiki ya madzi, mayi wina ali pamzere ndi ndowa zake: "Akuti ku Mchinji kwavuta, anthu sakugona m'nyumba." Palibe amene wadzidzimuka, Mchinji ndi kutali. Masana m'minibasi yopita m'tauni, mtsikana amene anali pamzere paja akuuza kondakitala, koma tsopano ndi "Ndamva kuti afika ku Chinsapo." Madzulo wa kabaza akuuza anzake pasiteji: "Mlamu wa mnzanga anamupopa, ali kuchipatala cha Central." Usiku pa gulu la WhatsApp la mpingo pakubwera uthenga wa mawu, mayi akupuma mwabefu: "Abale, ndaona ndi maso angawa." Tsiku limodzi lokha, "akuti" wasanduka "ndaona", ndipo Mchinji yafika kuseri kwa bafa. Akale anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Allport ndi mnzake uja anaona zomwezo poyesa anthu kuti azipatsirana nkhani: zambiri zimagwa m'njira, zochepa zotsalazo zimanoledwa, ndipo nkhani imapindika kuti ifanane ndi zomwe wonenayo ankakhulupirira kale.

Chofunika kuchisamala apa ndi ichi: pa anthu anayi aja pasakhale wabodza. Mukamulemba mmodzi ngati kazitape woipa mtima amene akupeka nkhani dala, woonera amapuma, amati vuto ndi uyo, ine sindili choncho. Mayi wa pakiyosiki akuchenjeza anzake chifukwa amawakonda. Wa kabaza akuwonjezera "mlamu wa mnzanga" chifukwa anzake anayamba kumuseka ndipo akufuna amukhulupirire. Mayi wa uthenga uja anaonadi chinthu, munthu ali ndi tochi kuseri kwa mpanda, ndipo woonera anaona kale m'gawo lomwelo kuti anali bambo wina akufunafuna nkhuku yake. Woonera akadziwa zomwe anthu a m'sewero sakudziwa, m'mimba mumamutentha. Amafuna kukuwira kanemayo. Mantha amene mukuwafuna ndi amenewo.

Pali sewero lakale la ku America lomwe ndimapatsa aliyense wofuna kulemba za chigulu. Ndi gawo la The Twilight Zone lotchedwa The Monsters Are Due on Maple Street, lolembedwa ndi Rod Serling, lomwe linaonetsedwa pa wailesi ya kanema ya CBS mu Malichi 1960. Silikwana ngakhale theka la ola. Mumsewu wina magetsi azima, mafoni afa, magalimoto akukana kulira. Kamnyamata kakuti kanawerenga nthano ya zolengedwa za kumwamba zomwe zimatumiza anzawo kudzakhala pakati pa anthu zikuoneka ngati anthu. Akulu akuseka. Kenaka galimoto ya bambo mmodzi ikulira yokha, ndipo maso onse akutembenukira kwa iye. Wina akukumbuka kuti bamboyu amaima panja usiku kuyang'ana kumwamba. Usiku usanathe, munthu waombera neba wake amene ankangobwerera kuchokera kumsewu wina komwe anakaona ngati kuli magetsi. Kuno kwathu kuzima kwa magetsi sikungaopse ngakhale mwana wa mkaka, tingangofunsana kuti makala alipo. Koma tembenuzani: dera lonse lili mumdima, nyumba imodzi yokha ikuwala, ya munthu amene anasamukiramo miyezi iwiri yapitayo, salankhula kwambiri, sapita kumaliro, ndipo palibe akudziwa ntchito yake. Inu ndi ine tikudziwa kuti ndi sola. Phunziro la Serling ndi loti zinthu zomwe dzulo zinali khalidwe chabe la munthu, lero zikusanduka umboni. Kusowa tulo, kukhala wekha, kulemera msanga, kulankhula Chichewa chopotoka. Timanena kuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa pomuyamikira, koma usiku wa mphekesera anthu amangomva za kalumoko.

Amene amalozedwa chala sasankhidwa mwangozi. Amakhala munthu amene alibe omuikira kumbuyo pafupi: mlendo, wodwala misala, gogo wokhala yekha, wa lendi amene kwawo ndi kutali. Mmodzi mwa ophedwa ku Blantyre mu 2017 anali mnyamata wodwala khunyu. Ndipo nthawi zambiri pamakhala wina amene apindulepo, kaya ndi malire a puloti omwe akhala akukanganirana, kaya ngongole. Ameneyu sayambitsa mphekesera, amangokhala chete pa nthawi yomwe mawu ake akanapulumutsa munthu.

Kukhala chete kumeneku ndi kumene ndikufuna mukupatse gawo lathunthu, chifukwa ndi pamene mantha amasintha mtundu. Poyamba anthu amaopa namapopa. Pakapita masiku amayamba kuopana okhaokha. Anyamata atseka msewu ndi miyala, akusecha zikwama, akuimba mawenzulo usiku. Aphunzitsi a pasukulu ya pulayimale sakukhulupirira kalikonse, koma akupereka K500 ya alonda, chifukwa wokana afunsidwa kuti bwanji iwe sukuopa, ukudziwapo chiyani? Mkazi wawo akuwakoka malaya pamsonkhano wa a mfumu kuti asaimike dzanja. Pamapeto pake mwina theka la anthu pabwalo paja sakukhulupirira, koma aliyense akuganiza kuti wokayika ndi iye yekha. Funsani amayi anu za nthawi ya chipani chimodzi, pamene munthu ankayang'ana kumbuyo asanatchule dzina la Kamuzu ngakhale m'nyumba mwake, ndipo khadi la chipani linkafunsidwa pakhomo la msika. Adzakuuzani mmene munthu amaombera m'manja mtima uli kwina. Anthu a msinkhu wawo akadzaona aphunzitsi aja akutsitsa dzanja, sadzafuna kufotokozeredwa.

Za chigulu chenichenicho, musajambule anthu makumi asanu akunyamuka nthawi imodzi ngati gule. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Mark Granovetter anapereka chitsanzo mu 1978 chomwe chimathandiza wotsogolera zisudzo kuposa mabuku ambiri a zisudzo. Tiyerekeze anthu 100 pabwalo. Woyamba agenda popanda kuona wina akugenda. Wachiwiri agenda akaona mmodzi. Wachitatu akaona awiri, mpaka wotsiriza amene amafuna kuona 99. Woyamba akangoponya mwala, onse 100 alowa. Koma wachiwiri uja atakhala woti amafuna kuona awiri, woyamba agenda yekha, anthu amuyang'ana, nkhani yathera pomwepo. Magulu awiriwa ndi ofanana pafupifupi m'zonse, kusiyana ndi munthu mmodzi. Choncho kamera yanu isakhale pa wogenda woyamba, ameneyo ndi chidakwa cha m'dera chomwe aliyense akuchidziwa. Ikhale pa wachiwiri, munthu wabwinobwino amene tamuona akuperekeza mwana kusukulu, pamene akuyang'ana mwala, akuyang'ana anzake, akuwerama.

Muikemonso munthu amene amafufuza. Sewero la pa wailesi la Orson Welles la mu Okutobala 1938, lonena za adani ochokera ku Mars, limatchuka kuti linasokoneza America yense, ngakhale ofufuza a pambuyo pake anaonetsa kuti manyuzipepala anakokomeza. Chomwe wofufuza wina, Hadley Cantril, anapeza pofunsa omvera n'chakuti amene anatsegula siteshoni ina kapena kuyang'ana pulogalamu m'nyuzipepala anazindikira msanga kuti ndi sewero. Wanu akhoza kukhala namwino amene akuimbira foni ku Central kufunsa ngati kulidi wopopedwa. Kaya amumvera kaya samumvera, zili kwa inu.

Tsopano za amayi anu. Akunena zoona pang'ono, ndipo pang'ono pakepo m'pofunika. Kanema sanabweretse mantha amenewa. Television Malawi inayamba mu 1999, pamene za ku Chilobwe zinali zitatha zaka pafupifupi 30. Mphekesera ija inayenda ndi pakamwa, pa basi ndi pamaliro. Chomwe kanema amachita ndi kupatsa mantha chithunzi. Munthu amene ankangomva za kukhwima, akaonera mafilimu a ku Nigeria m'mavidiyo sho kwa zaka, amakhala ndi chithunzi cha kachipinda kofiira, kandulo ndi bambo wolemera amene wapereka mwana wake, ndipo neba akagula galimoto chithunzicho chimabwera chokha. George Gerbner wa ku University of Pennsylvania anafufuza zimenezi kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1960. Anapeza kuti oonera kanema maola anayi kapena kuposerapo patsiku ankaganiza kuti dziko ndi loopsa kuposa mmene lilili, ndipo sankakhulupirira anzawo. Ena anamutsutsa kuti mphamvuyo ndi yaing'ono ukaganizira komwe munthu amakhala ndi maphunziro ake, ndipo ine ndimaona kuti otsutsawo ali ndi mfundo. Koma Gerbner ananenanso kuti mphamvuyo imakula pamene za pa kanema zikufanana ndi zomwe woonera akukhalamo. Sewero la anamapopa ku Norway ndi nthano. Ku Phalombe likukhudza anthu amene anaika maliro.

Ndipo maonekedwe a sewero ali ndi ngozi yakeyake. Pa 31 Okutobala 1992 BBC inaonetsa Ghostwatch, sewero la mizukwa lomwe linapangidwa ngati pulogalamu yeniyeni yochitika nthawi yomweyo, ndi aulutsi odziwika monga Michael Parkinson akusewera ngati iwo eni. Linalembedwa kuti ndi sewero poyamba, koma ambiri anatsegula kanema litayamba kale. Mafoni odandaula anachuluka zedi, ndipo mu 1994 magazini ya zachipatala ya British Medical Journal inafalitsa lipoti la anyamata awiri a zaka 10 amene anadwala ndi mantha kwa miyezi ataonera. Amenewo anali masiku opanda WhatsApp. Lero wina adzajambula kanema wanu ndi foni, adzadula masekondi 30, ndipo pofika mawa kachidutswako kali ku Nsanje kopanda mutu wa sewero, kolembedwa kuti zachitika ku Kawale. Pa chifukwa chimenechi musaikemo nkhani za pa wailesi zabodza zooneka ngati zenizeni, musatchule dera lenileni ngati malo omwe kwagwa anamapopa, ndipo musajambule chithunzi cha munthu akupopedwa magazi, ngakhale chitakhala loto la munthu wa m'seweromo. Madera omwe ndatchula m'chitsanzo cha "akuti" chija muwasinthe akhale opeka. Chithunzi chilichonse muzichifunsa kuti: kachidutswa aka katayenda kokha, kanena chiyani?

Chinanso, musasunge choonadi mpaka gawo la 6. Olemba timakonda kubisa kuti tidzadabwitse anthu kumapeto, koma sewero la mlungu ndi mlungu ambiri salimaliza. Magetsi azima, mayunitsi atha, kwagwa maliro. Woonera magawo anayi okha atsala ndi anamapopa m'mutu. Muuzeni woonera kuyambira gawo loyamba kuti kulibe, ndipo mumupatse wophedwayo musanamupatse chigulu. Timuone akutumiza ndalama kumudzi pa foni, akuchapa yunifolomu ya ntchito yake ya usiku, akulephera kupereka moni bwino chifukwa ndi wamanyazi. Ngati mungafune kukhudzako za ufiti, dziwani kuti lamulo la Witchcraft Act la 1911 limati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kumbukirani agogo anayi a ku Neno amene anaphedwa mu Januwale 2016 mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Sewero lomwe pamapeto pake gogo amapezekadi kuti ndi mfiti, ine sindingalitsogolere ngakhale atandilipira bwanji. Mukamaliza kulemba, pitani nalo ku bungwe lounika mafilimu ndi zisudzo la Censorship Board musanawononge ndalama zojambulira, komanso mukaliwerengere anthu a msinkhu wa amayi anu, muone pomwe akugwira pakamwa.

Magawo awiri mwajambulawo musawataye onse. Zithunzi za pamsika ndi za m'nyumba mwina zigwira ntchito. Amene ankasewera namapopa uja mumupatse malo a bambo wofunafuna nkhuku. Ndipo gawo lomaliza lisathere pa moto wa tayala. Lifike m'mawa mwake, pa kiyosiki pomwe paja, mzere womwe uja, anthu osayang'anana. Apolisi atenga anyamata asanu. Nyumba ya sola ija chitseko chili pululu, nyale ikuyakabe masana chifukwa palibe woizimitsa. Mayi wa uthenga uja akutsegula foni, akuufufuta, kenaka akusenza ndowa yake.